Kuchepetsa zithunzi zambiri nthawi imodzi ndi ImageMagick

Eya, achimwene, tamverani. Zithunzi za ukwati mukufuna kuchepetsa zija musamatsegule chimodzichimodzi mu Photoshop, mudzagona pa kompyuta. Ikani ImageMagick, pulogalamu yosinthira zithunzi, ndi yaulere, ndipo si yadzana ayi, inatuluka mu 1990. Mutenge version 7, pamenepo lamulo limayamba ndi magick. Ndiye tsegulani terminal... aa, inu muli pa Windows eti, command prompt, kawindo kolembamo malamulo kaja, mulowe mu folda ya zithunzizo.

Kenako mulembe magick mogrify... ayi ayi, dikirani kaye. Musanalembe kanthu, pangani folda ina m'kati momwemo, muitche zochepa. Pangani kaye. Mogrify ameneyu safunsa. Akachepetsa chithunzi amalemba pamwamba pa choyambirira chija, chachikulu chija basi chapita, mu Recycle Bin mulibe. Mwamva? Mulibe. Ine pamenepa mpamene panandiwawa, n'chifukwa chake ndikubwereza. Mnyamata wina wojambula ndinamuuza zomwezi, iye amvekere "zimenezo timazidziwa". Anakachitira pa memory card pomwepo. Eni ukwati atafuna chithunzi chachikulu chopachika pakhoma, nkhope zinangotuluka mbuu.

Ndiye lonse likhale chonchi, ndalembanso pansipa:

magick mogrify -path zochepa -auto-orient -resize "1600x1600>" -quality 85 *.jpg

Path zochepa uja ndi amene akutumiza zatsopano ku folda ija, zakale osazikhudza. Folda ikapanda kukhalapo sapanga yekha, angokana.

Tsono kachizindikiro kali kumapeto kwa 1600x1600 kaja, ka greater than, kakutanthauza kuti achepetse zokhazo zopitirira ma pixel 1600 m'litali kapena m'lifupi, zazing'ono azisiye, asazikoke. Koma ma quotes musawachotse. Ndikuti musachotse. Mukachotsa, Windows imawerenga kachizindikiroko ngati kake, n'kukupangirani fayilo yachabechabe yotchedwa -quality, inu n'kumadabwa kuti yachokera kuti.

Auto-orient ndi wa zithunzi za pafoni zija zimagona cham'mbali. O, ndinaiwala, ngati mukuziponya pa Facebook onjezerani -strip, amachotsa za GPS, malo amene munajambulira. Koma abwere pambuyo pa auto-orient, pambuyo, akatsogola afufuta chomwe chimauza kompyuta kuti kumwamba n'kuti, zithunzi n'kukhalabe chogona.

Zikatheka, koperani mzerewo mu Notepad, musunge kuti chepetsa.bat. Ukwati wina mungoika fayiloyo mu folda, kudina kawiri, basi. Koma folda ya zochepa ija, ee, komwekonso ikhalepo. Yambani ndi zithunzi zitatu kaye mundiuze zatuluka bwanji.