Mizere ya pansi pa udzu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu a m'mawa uno ali pa Deuteronomo 24:19-22: mtolo umene waiwalika m'munda usaubwerere, ndi wa mlendo, wa mwana wamasiye ndi wa mayi wamasiye, pakuti iwenso unali kapolo ku Ejipito. Musanatuluke m'nyumba lero, kumbukirani njala imene munadutsamo, ndipo musiyireko wina mtolo.

Kumadzulo kwa dziko la Ireland, m'mapiri a ku Mayo ndi ku Connemara, muli mizere imene palibe waikhudza kwa zaka zoposa 170. Pamwamba pake panamera udzu, nkhosa zikudya. Masana siioneka bwino, koma dzuwa likamatuluka kumene mthunzi umaiulula yonse. Inali mizere ya mbatatesi. Mlimi ankayala ndowe kapena zomera za m'nyanja pa tsala, n'kudula zibuma mbali ziwiri, n'kuzitembenuzira pa manyowawo. Mzere unkatakata mita imodzi kapena kuposerapo, ngalande zake zikutsika ndi phiri kuti madzi asadikhe.

Anthu pafupifupi 3 miliyoni ankadalira mizere imeneyi basi. Bambo wogwira ntchito ankatha makilogalamu 6 a mbatatesi pa tsiku, ndipo osauka ambiri ankabzala mtundu umodzi wotchedwa Lumper. Mu 1845 kunafika chiwawu, chomwechi alimi a ku Dedza ndi ku Ntcheu amachidziwa. Kukachita chinyezi masamba amachita mawanga akuda, kunsi kwake nkhungu yoyera, mvula n'kutsitsira matendawo m'nthaka, mbatatesi n'kuolera ngakhale m'dzenje losungira. Poti mbewu inali imodzi, chimene chinagwetsa munda uwu chinagwetsanso wa mnzake. Mu 1846 pafupifupi zonse zinaola. Mu 1847 chiwawu chinachepa, koma mbewu anali atadya. Nthawi yonseyi tirigu ndi ng'ombe zinkakwerabe zombo kupita ku England. Boma la Britain, limene linkalamulira Ireland, linagula chimanga ku America, koma zigayo zakumeneko sizinkachipera bwino, anthu osadziwanso kuti misere imafuna moto wautali, moti chinkangowatsegula m'mimba. Lamulo la 1847 linati wokhala ndi malo oposa kota ya ekala sangalandire thandizo. Ambiri anasiya mizere yawo kuti apeze phala.

Kalembera wa 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni; wa 1851 anapeza 6.5 miliyoni. Pafupifupi miliyoni anafa, ena oposa miliyoni anawoloka nyanja. Pa kachilumba ka Grosse Île ku Canada, pamene zombo zawo zinkafikira, anaika m'manda oposa 5,000 mu 1847 mokha. Mpaka lero chilumba cha Ireland sichinafikenso pa chiwerengero cha 1841.

Udzu unamera, abale anga, koma mizere sinafafanizike, ndipo ina ili m'mabanja. Njala itatha makolo anasiya kugawira ana munda. Mmodzi ankatsala nawo, n'kukwatira mochedwa, enawo ulendo wa ku Boston, New York kapena Liverpool. Usiku woti mawa mwana akwera chombo, mudzi unkachezera ngati pa siwa, chifukwa ankadziwa kuti sadzamuonanso. Atsikana ogwira ntchito m'nyumba za anthu ku America ankatumiza ndalama zoti mng'ono wawo akwerere. Lero anthu oposa 30 miliyoni ku United States amati makolo awo anachokera ku Ireland.

Mzere wakale umamera chimene wafesapo. Mu July 1863 ku New York, magulu amene ambiri mwa iwo anali a ku Ireland anaukira anthu akuda, kuwapha ndi kutentha nyumba ya ana amasiye. Anthu amene dzana lomweli ankanyozedwa pa doko anapeza wina womunyoza. Mulungu akuti kumbukira kuti unali kapolo chifukwa amadziwa kuti wovutika akakhuta angathe kusanduka Farao.

Koma pa mzere womwewo panameranso china. Mu 1847 a Choctaw, mtundu wa eni nthaka a ku America amene anali atathamangitsidwa m'dziko la makolo awo, anasonkha madola 170 kutumiza ku Ireland. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utavuta pakati pa a Navajo ndi a Hopi, mitundu inanso ya eni nthaka a ku America, anthu a ku Ireland zikwizikwi anatumiza ndalama, ambiri akutchula mphatso ija. Mabungwe a Concern ndi Trócaire amene timawaona m'midzi mwathu muno ndi ochokera ku Ireland komweko.

Nanga ife? Alipo pano amene agogo anawauza za njala ya 1949, ndipo ambiri tinaima pa mzere wa chimanga mu 2002, kudya madeya ndi zitsa za nthochi. Lero panamera udzu: nyumba ya malata, thumba la ufa pakona. Ndikufunsani mwachikondi, waganyu akamaliza mizere yanu mumamupimira mbale yosefukira kapena yophwanyika m'mphepete? Mwana wa malemu achimwene anu amadya mbale imodzi ndi ana anu? Lolani dzuwa la m'mawa uno liulule mizere yanu, ndipo mtolo uja musaubwerere.

Mu March 1849 anthu anjala mazanamazana anayenda usiku kuchoka ku Louisburgh kupita ku Delphi, ku Mayo kuja, kukaonekera kwa oyang'anira thandizo. Pobwerera ena anagwera m'mbali mwa nyanja ya Doolough osadzukanso. Kuyambira 1988 anthu amayenda msewu umenewo chaka ndi chaka, kukumbukira akufa awo ndi anjala a mayiko ena, ndipo mu 1991 Desmond Tutu anayenda nawo.