Musadinde chala musanamve

Zikomo a mfumu, zikomo nonse. Za mayi athu a kumtunda kuja mwazimva kale. Munda wawo wa nanazi uli pa mlandu lero chifukwa cha pepala limodzi. Anabwera mnyamata wa ngongole, tayi pakhosi, Chizungu chili mbwee: collateral, collateral. Mayi aja manyazi anawagwira, osafunsa, n'kudinda chala. Collateral ameneyo ndi chikole basi! Akanawauza kuti "munda wanu ukhala chikole," akanavomera? Musadinde chala pa chinthu chimene simunachimve.

Si alendo okha ayi. Ana athu omwe, akangolawa Fomu 4, pamaliro pomwe ayamba "actually." Ine choko ndachigwira zaka zambiri kuno ku Mulanje. Mwana amene wamvetsa phunziro amatha kuwafotokozera agogo ake pakhonde. Wobisala m'mawu akuluakulu, ukamufunsa kawiri, thukuta. Mukukumbuka namondwe Freddy atatikokolola mu 2023? Anabwera bwana wina, analankhula mpaka dzuwa kupendeka, tonse m'manja phuphuphu. Pobwerera aliyense akufunsa mnzake, "Ndiye ufa ubwera liti?" Musaseke, munaomba nawo inuyo.

(Bambo wina: "Aphunzitsi, ndiye ana asiye Chizungu?")

Ayi bambo, mwafunsa bwino. Aphunzire, alimbikire ndithu. Wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, ndipo ku Nyumba ya Malamulo aphungu amakambirana m'Chingerezi chomwecho. Chikwanje m'nyumba chimafunika, koma ukamachizunguza pamaso pa mnansi wako, sukudula udzu. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, gawo 26, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha. Chilomwe chanucho, Chimang'anja, Chiyao. Ngakhale munthu womangidwa, gawo 42 limati auzidwe mlandu wake m'chilankhulo chimene amamva. Tsono ngati wapolisi akuyenera kutero, wangongole ndi ndani? Safunsa anadya phula, bambo. Musadinde chala musanamve.

Ndaona amayi mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Munthu akabwera ndi pepala, muuzeni abwereze m'Chichewa. Pepala litengeni, ligone kunyumba, akuwerengereni munthu amene mumamukhulupirira. Ikakhala nkhani ya malo, a mfumu adziwe kaye. Mwini pepalayo akakwiya kapena akati "ndi lero lokha," mubwezereni cholembera chake. Ana asukulu inu, mukhale omasulira a makolo anu.

A mfumu, ndabweza mawu kwa inu, paja pali nkhani ya mlatho.