Uthenga kwa Amayi ndi Abambo pa Zokonzekera Ulendo wa ku Canada

Amayi ndi Abambo, ndikupereka moni kuchokera kuno ku Toronto, ndipo ndikhulupirira kuti nonse kumudziko mwadzuka bwino. Popeza ma viza atuluka ndipo matikiti a ndege agulidwa kale, ndaona kuti ndi bwino kuti ndifotokoze zofunika zonse mu uthenga umodzi, kuti muzitha kuumvera mobwereza pamene mukulongedza katundu. Achimwene, ndikupemphani kuti mukhale nawo pafupi akamamvetsera, ndipo mulembe papepala zimene zikufunika kugula kapena kukonza.

Ndiyambira pa bwalo la ndege, chifukwa pamenepo ndi pamene mudzakhale awiriwiri popanda ine. Mudzakwera ndege ya Ethiopian Airlines, mudzasintha ndege ku Addis Ababa, ndipo mudzatera pa bwalo la Pearson. Viza imene ili mu pasipoti yanu imakulolani kufika pachipata, koma amene amagamula zoti mulowe ndiponso kutalika kwa nthawi imene mukhale ndi ofesala wa m'malire, ndipo kawirikawiri mlendo amaloledwa kukhala mpaka miyezi 6. Adzakufunsani kumene mukupita, amene akukusungani ndi tsiku lobwerera. Muyankhe mwachidule ndiponso moona, kuti mwabwera kudzaona mwana wanu ndipo mudzabwerera mu Januwale. Kalata yanga yokuitanani, tikiti yobwerera, adiresi yanga ndi nambala yanga ya foni zikhale pa pepala m'chikwama cham'manja, chifukwa foni yanu ikhoza kukhala yopanda netiweki kapena itatha moto. Mlendo saloledwa kugwira ntchito, ngakhale ganyu ya tsiku limodzi, choncho wina akadzakuuzani kuti kuli kantchito kopezerako ndalama, mudzakane.

Musanafike kwa ofesalayo pali makina amene amawerenga pasipoti, kujambula nkhope ndi kufunsa zimene mwanyamula. Akadzakuvutani, muitane wogwira ntchito amene amaima pafupi, pakuti ntchito yake ndi yomweyo. Ndapemphanso a ndege kuti akonze njinga ya olumala ya Amayi, ndipo chonde musaikane chifukwa cha manyazi, popeza kuchokera pamene ndege imaima kukafika potengera katundu ndi mtunda wautali kwa munthu amene maondo amamuvuta.

Nkhani ya chakudya ndi imene ndikufuna muimvetsetse kwambiri. Ndikudziwa kuti Amayi ayamba kale kusonkhanitsa ufa woyera, usipa, nyemba, mfutso ndi tsabola wa kambuzi, ndipo ine ndikuzilakalaka zonsezo. Lamulo la kuno likuti chakudya chilichonse, chomera chilichonse ndi chilichonse chochokera ku nyama chiyenera kuululidwa polowa. Mukaulula, ofesala amayang'ana katunduyo, ndipo chimene sichiloledwa amangochilanda popanda mlandu. Mukabisa n'kupezeka nacho, chindapusa chake chimatha kufika madola a ku Canada 1,300, ndipo dzina lanu limalembedwa, moti pa ulendo wina amadzakufufuzani kwambiri. Pabwalopo pali agalu ophunzitsidwa kununkhiza zikwama, choncho kukulunga chinthu m'chitenje n'kuchiika pansi pa zovala sikuthandiza. Nyama ya mtundu uliwonse, yowamba kapena yophika, muisiye kumudzi, ndipo apa ndikuphatikizapo mbewa. Musiyenso zipatso zaziwisi, mbewu zodzala ndi chilichonse chimene chili ndi dothi. Zouma zimene mutenge muziike m'mapepala apulasitiki oonekera mkati, chilichonse pachokha, ndipo zonse zikhale m'chikwama chimodzi kuti pozionetsa musachite kufwanthula katundu yense. Mizu ndi makungwa a mankhwala azitsamba nazonso ndi zomera, ziyenera kuululidwa. Ufa musadzilemetse nawo kwambiri, chifukwa m'masitolo a zakudya za ku Africa kuno umapezeka. Ndalama zokwana madola 10,000 kapena kuposerapo zimaululidwanso, ngakhale ndikudziwa kuti inu simunyamula zochuluka chotero. Munthu aliyense akakupatsani phukusi lomata kuti mukapatse m'bale wake kuno, mulitsegule muone zimene zili mkati, apo ayi mulikane, pakuti woyankha mlandu ndi amene wanyamula.

Mankhwala a kuthamanga kwa magazi a Abambo akhale m'mabokosi ake enieni okhala ndi zolemba, osati m'kabotolo kosakaniza, ndipo mlendo amaloledwa kulowa ndi mankhwala okwanira masiku 90. Mupemphe dokotala kalata ya Chingerezi yotchula matenda ndi mayina a mankhwalawo, ndipo zonsezi zikhale m'chikwama cham'manja. Anthu ambiri kwathu amamva kuti chipatala ku Canada ndi chaulere, koma thandizo la boma m'chigawo chino cha Ontario, lotchedwa OHIP, ndi la anthu okhazikika kuno. Mlendo amalipira yekha, ndipo kugona m'chipatala usiku umodzi kumatha kudya madola masauzande. N'chifukwa chake ndikukugulirani inshuwalansi ya zaumoyo musananyamuke, ndipo pamafunika kutchula matenda onse amene muli nawo kale, chifukwa kampani ikadzapeza kuti tinabisa ikhoza kukana kulipira. Pakagwa zadzidzidzi, nambala ya ambulansi, apolisi ndi ozimitsa moto ndi imodzi, 911.

Tsopano za kuzizira. Mukufika kumapeto kwa Okutobala, pamene kunja kumazizira ngati ku Dedza m'mwezi wa Juni, koma chimenecho ndi chiyambi chabe. Mu Disembala ndi Januwale kumazizira kupitirira pamene madzi amaundana, ndipo masiku ena kukakhala mphepo thupi limamva ngati madigiri 20 kunsi kwa ziro. Musataye ndalama kugula majekete olemera pa kaunjika, chifukwa ambiri mwa iwo sanasokedwere nyengo yotereyi, ndipo adzangodzaza chikwama. Jekete, nsapato za m'chipale, magolovesi ndi zipewa zophimba makutu ndidzagula kuno, ndipo zina ndidzabwera nazo ku bwalo la ndege. Inu mutenge majuzi opepuka, masokosi ndi zovala zamkati za manja aatali, pakuti nzeru yake ndi kuvala zovala zingapo zosanjikiza, kuti mukalowa m'basi kapena m'sitolo, momwe mumakhala motentha, muzitha kuvulako chimodzi. Amayi, zitenje mutenge ndithu, koma kunja muzidzavala buluku lofunda mkati mwake, ndipo palibe amene adzakuoneni zachilendo. Choopsa kwa anthu akuluakulu ndi madzi oundana pa njira, amene nthawi zina saoneka n'komwe, moti munthu amangozindukira ali pansi. Muzidzayenda pang'onopang'ono, mapazi mosatalikitsa, manja ali kunja kwa matumba. Mu Disembala dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane, ndipo mpweya wa m'nyumba umauma chifukwa cha zotenthetsera, choncho mafuta odzola ndi kumwa madzi pafupipafupi n'zofunika. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa osawiritsa.

Magalimoto kuno amayenda mbali ya kumanja, mosiyana ndi kwathu, ndiye podutsa msewu muziyamba kuyang'ana kumanzere, ndipo muzidutsa pamene chizindikiro cha munthu woyenda chayaka. Magetsi ndi a mphamvu ya mavolti 120 ndipo mapulagi ndi osiyana ndi athu a mano atatu, choncho ayironi ndi ketulo zisiyeni. Cholumikizira tchaja ya foni ndili nacho.

M'sitolo, mtengo umene walembedwa pa chinthu si umene mudzalipire, chifukwa mu Ontario amawonjezera msonkho wa 13 peresenti pa kauntala pa katundu wambiri, moti chinthu cha madola 100 chimafika 113. Abambo, musadzaganize kuti wogulitsa akukuberani, ndiponso m'masitolo a kuno mtengo sanenerera. Mu lesitilanti momwe munthu amakubweretserani chakudya patebulo, mwambo ndi kumuwonjezera 15 mpaka 20 peresenti.

Pa za makhalidwe, chimene ndikuganiza kuti chidzakuvutani mumtima ndi moni. Anthu a kuno amapereka moni wachidule akuyenda, safunsa za kunyumba, ndipo mnansi akhoza kungomwetulira n'kulowa m'nyumba mwake. Chimenecho si chidani kapena mwano. Ngakhale achinyamata amatchula akuluakulu dzina loyamba, ndipo ine mpaka pano khutu langa silinazolowere, koma kwa iwo ndi ubwenzi. Polowa m'nyumba ya munthu amavula nsapato pakhomo, sapita kwa munthu osayamba amuimbira, ndipo akati 2 koloko amatanthauza 2 koloko yeniyeni. Mwana wa munthu wina musamunyamule, kumujambula kapena kumudzudzula popanda chilolezo cha kholo lake, ngakhale mukuchita mwachikondi monga timachitira kwathu.

Amayi munanena kuti mukufuna kukaona mwana wa azakhali amene ali ku Vancouver Loweruka lina n'kubwerako. Dziko lino ndi lachiwiri kukula padziko lonse lapansi, ndipo Malawi angalowemo maulendo oposa 80. Kuchokera ku Toronto kukafika ku Vancouver ndi pafupifupi maola asanu pandege, ndipo pasitima munthu amagona m'njira masiku anayi, choncho ulendo umenewo tiukambirane padera poona ndalama. Malo apafupi alipo. Mathithi a Niagara ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130, ndipo tidzapitako msanga kusanazizire kwambiri, koma mlatho wa Rainbow umene uli pamenepo umalowera ku United States, kumene viza yanu siigwira ntchito, choncho sitidzawoloka. Mumzinda muno tidzakwera nsanja ya CN Tower, yotalika mamita 553. Mpata ukapezeka tidzapita pasitima ku Montreal, ulendo wa maola pafupifupi asanu, kumene anthu ambiri amalankhula Chifalansa.

Achimwene, pa zoimbirana foni, mudziwe kuti pofika iwo kuno tidzakhala kumbuyo kwa Malawi ndi maola 6, koma kuyambira Lamlungu loyamba la Novembala, mawotchi akabwezedwa, kusiyanako kudzakhala maola 7. Ndikupemphani kuti sabata ino munditumizire zithunzi za mabokosi a mankhwala a Abambo ndi za masamba oyamba a mapasipoti onse awiri, komanso saizi ya nsapato za aliyense, kuti ndimalize za inshuwalansi ndi kugula zovala. Mupereke moni kwa onse kumudziko. Zikomo kwambiri.