Plataforma ikagwa, adzalipira ndani?

Zikomo a mfumu potilola kukumana pano, zikomo a secretário a bairro lathu, ndi inu nonse amayi ndi abambo amene mwasiya ntchito zanu masana ano. Ndikuona amagetsi, openta, owotcherera zitsulo ndi omanga, ndiponso makolo a anyamata amene amachoka kuno ku Ulónguè kukagwira ntchito ku Tete ndi ku Moatize. Nonse mwamva zimene zinachitikira mwana wathu mwezi wathawu. Sinditchula dzina lake, ngakhale la bambo amene anamutenga pa ntchito, chifukwa onse awiri ndi athu ndipo onse awiri akulira. Mnyamatayo ankamanga magetsi pa denga la nyumba yosungiramo katundu ku Moatize, ali pamwamba pa makina obwereka okweza anthu m'mwamba. Anawayendetsa cha kukhomo asanawatsitse, tayala limodzi linaponda chivundikiro cha ngalande, chivundikirocho chinathyoka, ndipo makinawo anagwa cham'mbali. Iye anathyoka chiuno ndi mkono, mpaka lero ali m'chipatala. Galimoto ya munthu wina imene inaima panja inaphwanyika denga, ndipo makinawo anapindika miyendo.

Bambo amene anamulemba ntchitoyo anabwera kwathu usiku, ndipo mawu ake oyamba anali akuti makinawo ali ndi seguro, ndiye kuti inshuwalansi, mwini wake anamuuza choncho pa foni. Zinali zoona kuti seguro ilipo, koma sinali yake. Lero pakhomo pake pali ngongole zitatu, ya chipatala, ya galimoto ija ndi ya makina, ndipo palibe imodzi imene kampani ya inshuwalansi yavomera kumulipirira.

Kwa amene simunawaonepo, makinawa ndi amene timawatcha plataforma, ena amati tesoura, chifukwa miyendo yake ndi zitsulo zopingasana ngati sizasi, zimene zikatambasuka zimakweza kachitsa ka anthu molunjika m'mwamba. Mudzawaona atalembedwa mayina monga Genie, JLG, Skyjack kapena Haulotte. Ena amayendera mabatire ndipo anapangidwira simenti yosalala ya m'nyumba, ena amayendera dizilo ndipo ali ndi matayala akuluakulu a panja. Ngakhale aang'ono, ambiri amalemera kupitirira tani imodzi, koma pamwamba pake ambiri mwa aang'onowo amanyamula makilogalamu pafupifupi 230 okha, ndiye kuti anthu awiri ndi zida zochepa. Ine ndagwira ntchito ya magetsi zaka zambiri ndipo ndimawakonda, chifukwa ndi abwino kuposa makwerero ndi thandala la mitengo. Makontrakitala aang'ono ngati ife sitingathe kuwagula, timachita kubwereka kwa tsiku kapena kwa sabata, ndipo vuto lathu likuyambira pa kubwerekapo.

Mawu amene ndikufuna mupite nawo kunyumba ndi awa: seguro ya mwini makina si yanu. Mwini makina amagula inshuwalansi kuti ateteze chuma chake. Pa pepala la mgwirizano limene mumasaina mofulumira pa boneti ya lole, nthawi zambiri pamakhala mawu onena kuti kuyambira pamene makina atsitsidwa mpaka pamene abwezedwa, chilichonse chowagwera chili pamutu pa wobwereka. Kampani ya inshuwalansi ingathe kulipira mwini makina, kenako n'kutembenukira kwa inu kuti muibwezere ndalamazo, popeza munawawononga ndinu. Mapepala ena amawonjezera kuti mudzapitiriza kulipira ndalama ya tsiku ndi tsiku nthawi yonse imene makinawo ali kokonzedwa, ndipo zitsulo zake zikamachokera kunja kwa dziko, masabata amapita. Ndikubwerezanso, seguro ya mwini makina si yanu, pokhapokha zitalembedwa pa pepala kuti wobwereka nayenso watetezedwa.

Tiyambe ndi munthu, chifukwa chitsulo chimagulidwanso koma chiuno cha mnyamata wa zaka 24 sichigulidwa. Lamulo la ntchito la dziko lathu, limene linakonzedwanso kukhala Lei 13/2023, likuti wolemba anthu ntchito akhale ndi seguro ya ngozi za pa ntchito ndi matenda obwera chifukwa cha ntchito, ndipo tsatanetsatane wake ali mu Decreto 62/2013. Seguro imeneyi ndiyo imalipira chipatala, mankhwala, gawo la malipiro pamene munthu ali chigonere, ndiponso ndalama ya wolumala kapena ya banja la womwalira. Ngati simunaigule, udindowo sufafanizika, umatsala m'thumba mwanu. Abambo anzanga, pano ndikudzudzulani mwaulemu. Timatenga mwana wa mlongo wathu kapena wa mnansi, timati ndi ganyu ya masiku atatu, sitilemba dzina lake paliponse, ndipo timamukweza mamita asanu ndi atatu. Akagwa, mayi ake ndi amene tidzakumana nawo ku tchalitchi ndi ku chigayo moyo wathu wonse.

(Apa bambo wina anaimirira nati: “Pepani akuluakulu, ine anyamata anga ndimawadulira INSS mwezi uliwonse. Kodi imeneyo si seguro yokwanira? Nanga munthu wobwereka makina tsiku limodzi lokha, ndalama ya seguro ina aitenga kuti?”)

Zikomo bambo, khalani pansi, mwafunsa chimene ambiri akuganiza mumtima. Choyamba ndikuyamikeni chifukwa chodula INSS, thumba la boma lothandiza antchito, popeza ambiri sachita. Pa malipiro a wantchito pamapita 7 peresenti, inu mumapereka 4 ndipo iye amapereka 3. Ndalama imeneyo imamuthandiza akadwala matenda wamba, akakalamba, mayi akabereka, ndiponso imathandiza banja iye akamwalira. Koma ngozi ya pa ntchito lamulo linaiika padera, pamutu pa wolemba ntchito, ndipo linati iye atule katunduyo ku kampani ya inshuwalansi. Choncho munthu angathe kukhala wokhulupirika ku INSS zaka khumi, mnyamata wake n'kugwa pa plataforma, iye n'kupezeka kuti chipatala ndi chipukutamisozi zonse zikumudikira yekha. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo a Inspecção Geral do Trabalho, oyendera ntchito a boma, akafika pamalo a ntchito angathe kufunsa mapepala a zonse ziwiri.

Tsopano za tsiku limodzi. Seguro ya antchito simuigula chifukwa cha makina, mumaigula chifukwa muli ndi antchito, ndipo mtengo wake umawerengedwa pa malipiro awo ndi kuopsa kwa ntchito yawo. Pogula muuze kampaniyo zoona kuti anyamata anu amakwera pamwamba, chifukwa mukanena kuti amagwira pansi pofuna kuchepetsa mtengo, tsiku la ngozi angathe kukana kapena kuchepetsa chipukutamisozi. Za makinawo, funsani mwini wake ngati ali ndi njira yoti muwonjezere kandalama pa mtengo wobwerekera kuti iye asadzakulipiritseni zonse akawonongeka. Ngati alibe njira yotero, mubwereke makina pamodzi ndi woyendetsa wake, ndipo zilembedwe kuti makina akhala m'manja mwa munthu wawo. Ndalama imeneyi musaitulutse m'phindu lanu, muiike pa mtengo wa ntchito pamene mukulemba orçamento, pepala la mitengo lopita kwa mwini ntchito, monga mumaikira waya ndi utoto. Ine ndinatayapo ntchito ina chifukwa mtengo wanga unakwera pang'ono pa chifukwa chomwechi, ndipo zinandiwawa sabata yonse, koma sindinagulitsepo nyumba kuti ndilipire makina a munthu. Mwandimva bambo? Zikomo.

Ngongole yachiwiri ndi ya anthu ena amene sali antchito anu, monga mwini galimoto ija, mwana wodutsa pansi amene wagweredwa sipanala, kapena mwini sitolo amene galasi lake lasweka. Seguro yake imatchedwa responsabilidade civil. Ili ndi malire a ndalama amene kampani singapitirire, choncho muone nambalayo ndi kuiyerekeza ndi malo amene mukugwirako. Makampani akuluakulu a ku migodi ya malasha nthawi zambiri salola kontrakitala kulowa pachipata popanda mapepala otere, koma mwini sitolo kapena komiti ya tchalitchi kuno safunsa, ndipo kusafunsa kwawo sikukuchotserani mlandu.

Yachitatu ndi ya chitsulo chenichenicho, imene a inshuwalansi amaitcha máquinas casco. Apa ndilankhule ndi inu amene mwayamba kugula makina akale kuti muzibwereketsa, chifukwa ndikudziwa kuti alipo awiri kapena atatu pano. Muone ngati apólice yanu, pepala la mgwirizano wa seguro, ikuvomereza kuti makina azigwiritsidwa ntchito ndi anthu obwereka, popeza ina imateteza pokhapokha akakhala m'manja mwa antchito anu. Muone ngati ikuteteza makina ali pa lole. Kuchoka ku Tete, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama ndi kukwera mapiri mpaka kuno ndi ulendo wautali, ndipo seguro ya galimoto imene lamulo limakakamiza imalipira anthu ena amene loleyo yawavulaza, osati katundu amene yanyamula. Muonenso za madzi osefukira. Nonse mukukumbukira Januwale 2022, pamene mvula ya namondwe Ana inadzaza Revúbuè mpaka mlatho unaduka. Makina amene amagona m'mabwalo a kufupi ndi mtsinjewo, madzi akalowa m'mabatire ndi m'mawaya, ntchito yake yatha. Za kuba nazonso zili ndi mfundo zake, monga mpanda, mlonda ndi kuchotsa makiyi, ndipo mabatire okha akabedwa usiku si apólice iliyonse imene imalipira. Kutha kwa zitsulo chifukwa cha ukalamba sikulipiridwa konse.

Pali liwu limene limadabwitsa anthu tsiku la ngozi, franquia. Ndilo gawo loyamba la chiwonongeko limene mumalipira nokha. Tiyerekeze kuti franquia ndi 50,000 meticais ndipo kukonza kwafika 300,000, kampani ipereka 250,000. Kukonza kukakhala 40,000, sipereka kalikonse. Mufunse nambala imeneyi musanasaine, ndipo mufunsenso kuti pakati pa inu ndi mwini makina adzailipira ndani. Musachite manyazi kuti muoneka ngati osadziwa Chipwitikizi. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Tengani pepalalo, mupite nalo kwa mwana wanu wa ku sekondale kapena kwa ine, tiwerenge pamodzi.

Ngakhale muli ndi mapepala onse, kampani ingathe kukana ngati munaphwanya malamulo a makinawo, ndipo pamenepa ndi pamene anyamata athu amatilakwitsa. Plataforma ili ndi belu limene limalira ikapendekeka, ndipo ndinaonapo ndi maso anga mnyamata atamata belulo ndi tepi chifukwa limamusokosera. Ndinaonanso wina ataimika makwerero pamwamba pa plataforma kuti afikire nyali. Makina a panja amaloledwa mphepo yosapitirira mamita 12.5 pa sekondi, pafupifupi makilomita 45 pa ola, ndipo ambiri a m'nyumba saloledwa mphepo ngakhale pang'ono. Inu mukuidziwa mphepo ya kuno mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo munthu atanyamula lata m'mwambamo makina onse amasanduka tanga. Woyesa ngozi akabwera amafunsa amene ankayendetsa, ngati anaphunzitsidwa, kulemera kwa katundu, ndi mtunda kuchoka pa mawaya a magetsi a EDM. Mayankho akakhala oipa, mwalipira seguro pachabe.

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo amayi ayamba kuyang'ana kumsika, choncho zotsalazi ndinena mofulumira. Musanalandire makina, pemphani kuona apólice yeniyeni, muone tsiku lake lothera, ndipo muyerekeze nambala ya makina imene ili pa kachitsulo ka pa thupi lake ndi imene ili pa pepala. Gulani seguro ku kampani kapena kwa corretor, mkhalapakati wogulitsa seguro, wovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za inshuwalansi m'dziko muno, ndipo mutenge lisiti, chifukwa apólice yosalipiridwa sigwira ntchito. Jambulani makina mbali zonse ndi foni pamene akutsitsidwa ndi pamene akubwezedwa. Mnyamata watsopano akayamba, dzina lake lifike ku kampani ya inshuwalansi asanakwere. Musabwereketse makina obwereka kwa mnzanu, ngakhale kwa ola limodzi. Ngozi ikachitika, thamangitsani wovulala kuchipatala choyamba, kenako jambulani malowo, lembani mayina a mboni, imbirani mwini makina ndi kampani ya inshuwalansi tsiku lomwelo, ndipo musasaine pepala lovomera kulakwa musanalankhule nawo. Ndipo wina akakuuzani pa foni kuti musadandaule makinawa ali ndi seguro, kumbukirani kuti seguro ya mwini makina si yanu, mumuuze alembe.

Amene muli ndi mapepala a mgwirizano kunyumba, bwerani nawo Loweruka m'mawa pomwe pano, tidzawawerenge limodzi ndi limodzi. Mbale imene ili pa tebulo la a secretário ndi ya ulendo wa mayi a mnyamata uja, amene akupita ku Tete mawa kukamuona. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu.