Msilikali wa pa Kavalo wa ku Wilberforce

Moni nonse abale ndi alongo, a kumudzi ndi a kuno kunja. Ndikulankhula kuchokera ku Ohio, ndipo lero za kuzizira ndi za mapepala zidikire kaye. Tikambe za Charles Young, msilikali wakuda wa ku America.

Pafupi ndi Dayton, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kuli katawuni kotchedwa Wilberforce. Nyumba ya bambo ameneyu ili kumeneko, ndipo mu 2013 Pulezidenti Obama anailengeza kukhala malo osungirako mbiri ya dziko.

Young anabadwa mu 1864 ku Kentucky, makolo ake ali akapolo. Mu 1889 anamaliza maphunziro a usilikali ku West Point, munthu wakuda wachitatu kutero, ngakhale anzake a m'kalasi ankamusala. Anatumikira m'magulu a asilikali akuda okwera pa akavalo, 9th ndi 10th Cavalry, omwe ankatchedwa Buffalo Soldiers. Mu 1903 anayang'anira nkhalango ya Sequoia ku California, mu 1916 anatsogolera asilikali ku Mexico posaka Pancho Villa, mtsogoleri wa oukira boma wa kumeneko.

Tsono mvetserani apa. Mu 1917 America ikulowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, panalibe msilikali wakuda wa udindo woposa wake, ndipo ujenerale unali pafupi. Madokotala a asilikali anati magazi ake akuthamanga kwambiri, basi anamupumitsa. Anthu akuda ambiri sanakhutire nazo, poti zinkadziwika kuti maofesala ena achizungu sankafuna kulamulidwa ndi munthu wakuda. Mu June 1918, ali ndi zaka 54, anakwera kavalo wake kuchoka ku Wilberforce mpaka ku Washington, makilomita pafupifupi 800, pena akutsika n'kumayenda pansi, kuti akuluakulu aone okha kuti ali ndi mphamvu. Zimenezi zimandikhudza mtima, abale anga. Ndili ndi anzanga amene anali anamwino odalirika kwathu, koma kuno akuwerenga usiku kuti alembenso mayeso, pofuna kutsimikizira anthu zomwe akhala akuchita kwa zaka zambiri.

Anamubwezera pa ntchito mu November 1918, nkhondo itatsala masiku ochepa kuti ithe, moti ku France, kumene kunali nkhondoyo, sanapondeko. Kenako anamutumiza ku Liberia, ndipo anamwalirira ku Lagos mu January 1922 ali pa ulendo wa ntchito. Thupi lake analisamutsira ku manda a asilikali a Arlington ku America mu 1923. Ujenerale uja anamupatsa mu 2021, patadutsa zaka 99 chimwalirireni.