Chamba "chinaloledwa" mu Zambia? Malamulo a mowa ndi mankhwala pa yunivesite

[Kamera pafupi ndi nkhope]

Ngati pali munthu anakuuzani kuti chamba chinaloledwa mu Zambia muno, inu n'kumukhulupirira, khalani pansi. Vidiyo iyi ndi yanu. Bodza limeneli ndifikapo pa mfundo yachitatu, ndipo ndikuchenjezeretu kuti ndikhalitsapo, chifukwa landikwana.

Muli bwanji nonse! A ku UNZA pa Great East Road, a ku Ridgeway, a ku Evelyn Hone, a ku UNILUS, ndi inu okhala m'ma boarding house a ku Kalingalinga. Makolo amene mwangosiya mwana pa geti ndi chikwama ndi poto, inunso takulandirani, musachoke. Lero tikamba za mowa, chamba ndi mankhwala ena: chimene lamulo likunena, chimene sukulu ingakuchiteni, ndi chimene chimagwera makomiti a mabungwe a ophunzira phwando likasokonekera. Dinani subscribe manje, osati pamapeto, pamapeto mumaiwala. Tiyeni.

[Pa sikirini: 1. Malamulo ali pawiri]

Choyamba, mwachangu. Wophunzira ali pansi pa malamulo awiri nthawi imodzi. Pali lamulo la dziko, lomwe limagwira aliyense, kaya ndi kondakitala wa basi kaya ndi wa chaka chachinayi cha uinjiniya. Ndiye pali malamulo a sukulu, aja munavomera tsiku lolembetsa osawawerenga. Mlandu umodzi ukhoza kukupezetsani zilango ziwiri: cha khoti, ndi cha komiti ya chilango ya pa sukulu. Ndipo sukulu ikhoza kuyamba zake mlandu wa kukhoti usanathe. Kuchotsedwa mu hostel, kuimitsidwa, kuchotsedwa sukulu kotheratu, zonsezi zili m'manja mwa sukulu.

Geti la yunivesite si malire a dziko lina. Apolisi ndi a DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, amalowa.

[Pa sikirini: 2. Mowa]

Chachiwiri, mowa. Lamulo lake ndi Liquor Licensing Act la 2011. Zinthu ziwiri zokha mugwire: mowa sugulitsidwa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo sugulitsidwa popanda laisensi. Ndiye iwe amene uli ndi kafiriji mu rumu n'kumagulitsa Mosi ndi Castle usiku BC, ndalama ija ya chakudya ya ophunzira, ikangotuluka, dziwa kuti imeneyo ndi shabini, ngakhale uli ndi nambala ya wophunzira. Tujilijili tinaletsedwa mu Epulo 2012, nduna inali Professor Nkandu Luo. Kusuta fodya pamalo a anthu ambiri kunaletsedwa mu 2008.

Za kumwa mu hostel, sukulu iliyonse ili ndi zake. Sukulu za mipingo, monga Rusangu ya a Seventh-day Adventist, mowa safuna n'kuuona komwe. Kwina nkhani imakula pa zimene umachita ukaledzera: phokoso usiku, ndewu, kuswa mawindo, kutukwana alonda, kugogoda pa zitseko za atsikana. "Ndinaledzera" si chodzitetezera pamaso pa komiti. Tsegulani buku la malamulo la sukulu yanu, kapena pitani ku ofesi ya Dean of Students mukafunse. Basi, za mowa ndi zimenezo, tibwererako pa mabungwe.

[Pa sikirini: 3. BODZA LALIKULU]

Manje tafika. Ndikhale bwino pa mpando.

"Chamba chinaloledwa, boma linasaina." Mawu awa ndimawamva m'basi, ndimawamva ku Goma Lakes, ndimawawerenga m'makomenti a pansi pa mavidiyo anga omwe. Ndipo amene amawanena si anthu osaphunzira ayi. Ndi anthu oti mawa ali ndi mayeso a zamalamulo!

Tiyeni tione komwe bodzali linachokera, chifukwa lili ndi kachoonadi pang'ono mkati, n'chifukwa chake silifa.

Mu Disembala 2019, mneneri wa boma pa nthawiyo, mayi Dora Siliya, analengeza kuti nduna zavomereza ganizo lolima chamba chogulitsa kunja ndi chopangira mankhwala a m'chipatala. A Peter Sinkamba a Green Party anali atalimbikira nkhaniyi kwa zaka zambiri, akunena kuti dziko likhoza kupezapo ndalama zakunja. Nkhani inafalikira pa Facebook ndi pa WhatsApp, koma inafalikira yodulidwa mchira. Anthu anamva "chamba" ndi "avomereza", zotsalazo sanawerenge.

Mu 2021 nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo atatu motsatizana. Mverani bwino manambala. Nambala 33, Cannabis Act: kulima, kusunga ndi kugulitsa chamba cha mankhwala, cha sayansi ndi cha kafukufuku, ndi laisensi. Nambala 34, Industrial Hemp Act: mtundu wa chamba wa m'mafakitale, wopangira zingwe, nsalu ndi mafuta, womwe THC yake, chinthu chija choledzeretsa, sipitirira 0.3 peresenti. Chimenecho ungasute munda wonse, ungotsokomola. Ndiye nambala 35, Narcotic Drugs and Psychotropic Substances Act, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1993. Ili ndiye la iwe ndi ine. Ili likunenabe kuti kukhala ndi chamba, kuchisuta, kuchilima kapena kuchigulitsa popanda chilolezo ndi mlandu.

Mwaona? Chaka chimodzi chomwecho, nyumba ya malamulo yomweyo. Anzanu amakuuzani za nambala 33, za nambala 35 ali zii.

Taganizani za morphine. Ku UTH alipo, madokotala amabaya odwala khansa, ndi wololedwa. Koma akakupeza naye m'thumba pa East Park, ukanena kuti "ku chipatala amagwiritsa ntchito", akuseka mpaka ku selo. Chamba cha mu 2021 chili chimodzimodzi. Laisensi ndi ya kampani yomwe yafufuzidwa, yokhala ndi munda wotetezedwa, yowerengetsa chilichonse chomwe yakolola. Si ya mphika wa maluwa pa windo la hostel.

Wina akuti, "koma ku Malawi analola." Ku Malawi lamulo la 2020 ndi la mtundu womwewu: mankhwala ndi mafakitale. Kusuta kosangalala nako n'koletsedwabe kumeneko, funsani achibale a ku Mchinji. Wina akuti, "nanga ku Joni?" Ee, ku South Africa khoti lalikulu linagamula mu Seputembala 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta payekha pamalo pake. Zoona. Koma chigamulo cha ku Johannesburg chimathera pa malire a dziko lawo. Sichikwera basi kudzatsika pa Intercity.

Ndipo pali gawo lina lomwe limandiwawa kwambiri, la kachuluke. Anyamata amati, "ine ndili ndi kabolo kamodzi chabe, sindine wogulitsa." Pansi pa lamulo lakale lija, chamba chongopitirira theka la gramu chinkawerengedwa kale ngati mlandu wa trafficking, womwe chilango chake chinkafika zaka 25. Theka la gramu! Ndi kanthu kakang'ono zedi, koti kakagwa pansi ukhoza osakaona. Ndiye maganizo oti mlandu waukulu ndi wa anthu a masaka a chamba m'malole okha, achotseni m'mutu. Amene amasankha dzina la mlandu si iwe.

Nanga za mu rumu? Apa a first year mvetserani, inu amene mumaopa kukhumudwitsa akuluakulu. Mnzako akuti "sungireko kaphukusi aka mu loka mwako, ndibwera mawa." Akafufuza, kaphukusiko kali mu loka ya ndani? Yako. Udzafotokoza, inde, mwina khoti lidzakumvera, koma udzafotokoza uli kale m'manja mwawo, mayeso akulembedwa iwe kulibe. Chimodzimodzi amene mumasunga anzanu osapeza malo ogona: chimene mlendo wako wabisa pansi pa matiresi, oyamba kufunsidwa ndi mwini bedi.

Ndipo ngakhale utapatsidwa chilango chopepuka, zala zadindidwa. Tsiku lofuna ntchito ya boma, ya ku banki, kapena visa yopita kukaphunzira kunja, amafuna police clearance. Zaka zinayi za ngongole ya maphunziro ya HELSB, yomwe udzabwezabe ndithu, ndi pepala lonena kuti unapezeka wolakwa pa mlandu wa mankhwala. Amayi ako anagulitsa tomato ku Soweto Market chifukwa cha zimenezo?

Ndapsa mtima pang'ono, ndimwe madzi.

Ndisananene chachinayi: ngati vidiyo iyi yakutsegulani maso, itumizeni ku gulu la WhatsApp la kalasi yanu. Makamaka kwa uja amene amatsutsa chilichonse, mukumudziwa. Ndipo malaya a chanelo chino afika, akuda ndi oyera, ulalo uli pansipa. Mukagula ndiye kuti mwandigulira mabandulo opangira vidiyo ina.

[Pa sikirini: 4. Za m'botolo la chifuwa]

Chachinayi, mankhwala a ku famasi. Ambiri amaganiza kuti chinthu chikakhala ndi lebulo ndi kabokosi ndiye kuti chili bwino. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, mapiritsi a diazepam, tramadol: awa ndi oyenera kuperekedwa ndi chikalata cha dokotala, ndipo amayang'aniridwa ndi a ZAMRA, bungwe la boma loona za mankhwala a m'chipatala. Kuwagula kuseri n'kumagulitsa mu hostel ndi nkhani ya DEC, bungwe lomwe lakhala likugwira ntchito imeneyi kuyambira 1989.

Koma apa lamulo si chimene chimandiopsa. Codeine ndi wa banja limodzi ndi morphine, amachepetsa kupuma. Mowa nawo umachepetsa kupuma. Diazepam chimodzimodzi. Ukaphatikiza, munthu amagona n'kumapuma pang'onopang'ono mpaka kusiya, anzake ali pambali akuvina, akuti "msiyeni agone, adzuka."

Ndiye mnzanu akakomoka, osadzuka mukamugwedeza, akupuma mwa apo ndi apo, milomo yasintha mtundu: mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, wina akhale naye, ndipo mutengereni ku kiliniki ya pa sukulu kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa msanga. Khofi sachotsa mowa m'magazi. Madzi ozizira sachotsa. Chiwindi chokha ndicho chimachotsa, ndipo chimatenga maola. Ndikudziwa chimene mumaopa, kuti mukapita naye kuchipatala nonse mulowa m'mavuto. Kufunsidwa mafunso ku ofesi ya Dean ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi kuimbira foni makolo ake m'mawa. Ndipo mukafika, auzeni anamwino zoona za chimene wamwa.

[Pa sikirini: 5. Mabungwe ndi makomiti]

Chachisanu, inu a tcheyamani, alembi ndi asungichuma a mabungwe: a masewera, a zigawo, a masukulu osiyanasiyana, ngakhale ofuna mipando ya UNZASU, bungwe la ophunzira onse a pa UNZA. Bungwe lanu limadziwika ku sukulu kudzera m'maina anu. Phwando likasokonekera, safunafuna "mamembala", amaitana amene anasaina kalata yopempha malo.

Zitatu zokha. Pemphani chilolezo cholembedwa, osati "tinakamba nawo pa foni." Ngati pakhala kugulitsa mowa, agulitse munthu wokhala ndi laisensi ya khonsolo, kapena chitirani phwandolo pamalo omwe ali nayo kale. Ndipo musadzinamize ndi nzeru ija yoti "sitikugulitsa mowa, tikugulitsa tikiti, mowa ndi waulere mkati." Ndalama yalowa, mowa watuluka, aliyense akuona.

Chachitatu chake ndi ma freshers. Pakati pa a chaka choyamba pamakhala ena a zaka 17. Muwapatsa mowa pa phwando lowalandira, mlandu ndi wanu. Ndipo mwambo wonyansa uja wokakamiza mwana watsopano kumwa kuti "alowe m'gulu", kumuzungulira mukuimba mpaka amalize botolo, ine ndimautcha nkhanza basi. Mwana wachokera ku Lundazi sabata yatha, sanalawepo mowa chibadwire, inu mukumuthira junta kukhosi kuti museke. Akavulala, bungwe likhoza kuimitsidwa, ndipo inu a komiti mukayankha mmodzimmodzi, aliyense ndi nambala yake. Konzani zakumwa zoziziritsa kukhosi zokwanira, sankhani anthu awiri atatu osamwa usiku umenewo, ndipo mudziwe mmene atsikana abwerere ku hostel phwando lisanayambe, osati 2 koloko usiku.

[Pa sikirini: 6]

Chachisanu ndi chimodzi n'chachifupi. Ngati waona kuti zakukola, BC ikutha sabata yoyamba, makalasi a m'mawa sukuwadziwanso, pita wekha asanakutengere. Ku UNZA kuli alangizi pansi pa ofesi ya Dean of Students. A DEC omwewo ali ndi gawo la maphunziro ndi uphungu, si ogwira anthu okha. Ndipo ku Chainama, pa Great East Road pomwepa, amathandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala. Lekani kuseka dzina la Chainama, ndi chipatala ngati china chilichonse.

Manje ndikufuna mundiuze m'makomenti: ku sukulu kwanu buku la malamulo likuti chiyani za mowa mu hostel? Lembani dzina la sukulu ndi chimene chalembedwa, osati chimene munamva kwa mnyamata wa chaka chachitatu. Maina a anthu musalembe, ndifufuta. Ndipo amene mukufunabe kutsutsa za chamba, bwerani ndi nambala ya lamulo ndi gawo lake, tikambirane.

Sabata yamawa tikamba za ma boarding house: landilodi akakana kubweza dipoziti, mumapita kuti? Dinani belu kuti isakupiteni. Tionana Lachisanu.