Alamu, nkhanu za ku Siavonga zija musabwere nazo

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Ulongwe? Ana ali bwanji? Ndayesa kuimba kawiri koma netiweki ikungodukaduka, ndiye ndati ndingojambula mawu. Atalika pang'ono, mupeze pokhala.

Mlongo wanga wandiuza dzulo kuti mwagwirizana ndi munthu wina wa thiraki, akubweretsereni nkhanu zamchira zija kuchokera ku Siavonga, tauni ya ku Zambia m'mbali mwa nyanja ya Kariba, muike m'damu lanu la nsomba la kudimba. Zimene Apwitikizi amati lagostim, zooneka ngati camarão wa kunyanja ya mchere uja koma zokhala ndi manja akuluakulu opanira, yamphongo ili ndi banga lofiira padzanja. Alamu, ndikupemphani, mumuimbire munthuyo lero lomwe, mumuuze kuti asanyamule. Ngati mwapereka kale ndalama, itayike ndalamayo. Ndikuuzani chifukwa chake, kenako ndikuuzani zochita ngati zafika kale, poti ndikukudziwani, mwina zili kale m'ndowa kuseri kwa nyumba.

Nkhanu imeneyo si ya ku Zambia ayi. Kwawo ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Kumtunda kuno kwa Africa kulibe mtundu wake ndi umodzi womwe wobadwira kuno, ife tili ndi nkhanu zathu zam'mitsinje zija, zoyenda cham'mbali, zopanda mchira. Anthu anabwera nayo kuti aziweta, monga mukufunira inu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inali italowa kale mu mtsinje wa Kafue ndi m'nyanja ya Kariba. Kumwera nakonso ndi chimodzimodzi: inathawa m'madamu a ku Eswatini, n'kutsata mtsinje wa Komati, umene tikafika kwathu timati Incomati. Aliyense amene anaiweta ankati damu langa ndi lotchingidwa bwino.

Vuto lake n'lakuti chinthuchi si nsomba. Nsomba ikatuluka m'madzi yafa. Iyi imakwera khoma la damu usiku, n'kuyenda pa udzu wonyowa mpaka ikapeze madzi ena. Mvula ya mu Januwale ija, madzi akasefukira kudimba kwanu, mudzaigwira ndi chiyani? Ndipo yaikazi imanyamula mazira mazanamazana kunsi kwa mchira. Imodzi yokha ya mazira ikapulumuka, nkhani yatha.

Tsono taganizirani kumene madzi a kwanu amapita. Timitsinje ta ku Angónia tambiri timathera mu Revúbuè, Revúbuè amatsika kudutsa ku Moatize n'kudzathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda uno wa Tete. Nkhanu imeneyi imakonda madzi ofunda. Kwanuko, ndi chisanu cha mu Juni ndi Julayi, izingokhala osakula, mwina kufa kumene, inu osapeza phindu lililonse. Koma zothawazo zikafika kuno kotentha, ndiye zafika kwawo. Mwaona? Inu mutaya ndalama, ife kunsi kuno titsala ndi chilombo.

Zaka zija ndinkapita ku Chicoa ndi ku Zumbo kukagula nsomba zouma, ndinkacheza ndi asodzi ochokera mbali ya Zambia. Dandaulo lawo linali limodzi. Munthu watchera matchera madzulo, m'mawa akamakawonjola apeza nsomba zadyedwa maso, zang'ambidwa mimba, zina zatsala mutu ndi minga. Nsomba yotero ndani angagule? Nkhanuzo zakodwanso muukonde, pozichotsa ukonde ukung'ambika, tsiku lonse lithera kusoka. Imadya chilichonse: zomera zam'madzi, nkhono, tizilombo, mazira a nsomba. Chakudya chomwe nkhanu zathu ndi tiana ta nsomba timadalira, iyo imalanda.

Musaganize kuti Kariba ndi kutali. Kapenta amene mumadya uja, kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anamuika mu Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo atatseka damu la Cahora Bassa mu 1974, anatsika yekha ndi madzi mpaka kudzadzaza nyanja yathu. Kapentayo tinapindula naye, sindikana. Koma njira imene anadzera iye ndi yotseguka kwa china chilichonse. Ife tisawonjezere khomo lina kuchokera kumapiri.

Tsopano za matenda, ndipo apa mumvetsere bwino, chifukwa ndi zosaoneka ndi maso. Wa thirakiyo sadziwa kusiyanitsa mitundu. Ulipo mtundu wina wofiira thupi lonse, wochokera ku America, chigawo cha Louisiana. Umenewu umanyamula nthenda yonga nkhungu, iwo wokha osadwala kwenikweni, koma mitundu ina ikakhudzidwa imafa yonse. Nthendayi inafika ku Italy cha m'ma 1860, n'kupulula nkhanu zamchira za ku Ulaya mtsinje ndi mtsinje, ndipo mankhwala ochiritsira mtsinje wonse kulibe. Ya ku Australia yomwe mukufunayo nayo imafa ndi nthenda imeneyi. Wofiira uja amakumbanso mauna m'makoma a madamu ndi m'ngalande. Ku Kenya anauika m'nyanja ya Naivasha cha m'ma 1970, unadya zomera zam'madzi mpaka nyanja kusintha maonekedwe. Khoma lanu lija munamanga ndi makasu miyezi iwiri, lingayambe kudontha pansi inu osadziwa.

Ina ndi nthenda ya mawanga oyera, imene mu 2011 inapha camarão woweta ku Quelimane, anthu n'kutha ntchito. Kachilombo kake kamagwiranso nkhanu zamchira ndi nkhanu wamba. Ndipo madzi enieniwo a m'diramu amene nkhanu zabweramo ndi oopsa pa okha. Mukukumbuka 2020, nsomba za m'madamu ku Mchinji ku Malawi zikutuluka zilonda zofiira n'kumafa? Nthenda ya zilonda imeneyo inaoneka kumtunda kwa Zambezi cha m'ma 2006 ndi 2007, ndipo imayenda ndi nsomba zamoyo, madzi ndi zida zonyowa. Mutsanula diramu limodzi la madzi achilendo m'damu mwanu, chambo chanu chonse chili pangozi.

Ndiye ngati zafika kale, chitani izi. Musaike m'damu ngakhale kwa usiku umodzi. Zikhale m'ndowa yovundikira bwino, muikepo mwala pamwamba, kutali ndi mtsinje ndi chitsime. Muwerenge kuti zilipo zingati, kuti ikasowa imodzi mudziwe. Kenako wiritsani madzi mumphika waukulu, muziponye zonse, zipse mpaka mkati. Mukafuna kudya idyani, ndi ndiwo ndithu, bola zapsa. Makoko ake muotche kapena mukwirire dzenje lakuya, osataya kudambo. Madzi amene zinabweramo muthiremo jiki, akhale kanthawi, ndiye mukatsanule pa nthaka youma kumtunda, osati m'ngalande. Ndowa, diramu, nsapato, kaukonde kalikonse kamene kanakhudza madziwo, mutsuke ndi jiki, muyanike padzuwa masiku angapo mpaka ziume gwa.

Ana muwauze. Ana ndi amene amatenga kamodzi kukaseweretsa kumtsinje, kapena kukachita nyambo ya mbedza. Musapatsenso mnansi ngakhale akupempheni bwanji kuti ndikaoneko ziwiri zokha.

Ngati zina mwaziika kale m'damu, musabise, alamu. Tsekani potulukira madzi, muikepo sefa ya waya wa timaso ting'onoting'ono. Mutchere miono usiku, muikemo mutu wa nsomba, m'mawa uliwonse muzichotsa n'kuwiritsa. Damu limenelo musakhuthulire kumtsinje, ndipo tiana ta nsomba ta m'menemo musagulitse kwa wina aliyense. Jambulani chithunzi, chimodzi chakumsana china chakumimba, mupite nacho ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi usodzi m'dera lanu, mukaonetse alangizi a za nsomba, muwauzenso amfumu kuti eni madamu a kunsi kwanu adziwe. Nsomba kapena chamoyo chilichonse cham'madzi sichidutsa malire popanda chilolezo cha boma, ndiye kuli bwino mupite nokha kusiyana n'kuti adzakupezeni.

Za ndalama ndamva, ndikudziwa kuti chambo chikuchedwa kukula ndipo chakudya chakwera mtengo. Ndikabwera kumapeto kwa mwezi tidzaone damulo limodzi, mwina vuto ndi kuchulukana kwa nsomba kapena manyowa akuchepa. Mukamvetsera mundiyankhe, ngakhale ndi mawu awiri okha, mundiuze ngati thirakiyo yanyamuka kale ku Siavonga. Mupereke moni kwa amayi.